Utomoni wa Fodya M'chipinda cha Makoswe

Lolemba, 11 Malichi 2024

Nambala 7 wakana kuthamanga. Khoswe woyera amene amatuluka m'bokosi la tinjira tokhotakhota pa masekondi 40, lero wangodziunjika pakona, kunjenjemera. Nambala 3 ndi 12 chimodzimodzi. Wotchi ndayiyang'ana kawiri. A Talandira, amene akufufuza mmene ubongo wa khoswe umasungira njira, andifunsa ine wosamalira makoswewa: "Bambo Abrahamu, kodi mwasintha chakudya?" Sindinasinthe kalikonse.

Lachiwiri, 12 Malichi

Lero akana asanu ndi atatu. A Dokotala, eni ake a labu yofufuzirayi, abwera kuchokera ku tauni. Akuti ngati ndi matenda, onse 24 aphedwe Lachisanu, a Talandira ayambirenso ntchito ya miyezi isanu. A Talandira anatuluka, n'kubwerera maso ali psuu.

Lachitatu, 13 Malichi

Ndazindikira chimene chikuvuta.

A Talandira anamunyamula okha Nambala 7, ine ndili kotunga madzi. Khosweyo anathamanga, masekondi 44. Nditangolowa, anauma gwa.

Ndi ine. Mayi a kunyumba, a Zelifa, mwendo watupa, ndiye chiyambire Lamlungu ndimathyola ndi kusoka fodya m'mamawa, kenako njinga kuchokera ku Nsaru kubwera kuno kuntchito. Magolovesi ndimavala, jasi ndimavala, koma malaya am'kati ndi omwewo a kumunda, utomoni uli bii m'mikono. Lamulo ndi loti fungo lachilendo lisalowe. Mphuno yanga inazolowera fodya ndili mwana, sindimva n'komwe.

Sindinauze munthu.

Lachinayi, 14 Malichi

Ndasamba katatu, malaya ena. Athamanga 19. A Talandira: "Akuchira, eti?" A Dokotala pafoni akuti ayi, matenda osadziwika sawakhulupirira, mawa aphedwe basi.

Ndikanena, ntchito yatha. Zaka 49, Sitandade 7, andilembanso ndani? Ndikapanda kunena, mawa ndine ndemwe ndiwalowetse m'bokosi la mpweya wowaphera mmodzimmodzi. Nambala 7 amadya m'manja mwanga.



Lachisanu, 15 Malichi

Malaya aja ndinabwera nawo m'jumbo yomanga kawiri, n'kuwasiya panja. A Dokotala anali atalumikiza kale paipi ya mpweya. Ndinati, "Bwana, musanayambe, tabwerani mudzanunkhize." Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Ananunkhiza, n'kuyetsemula. Ndinawauza kuti ndakhala ndikulowa nawo kwa makoswe. "Masiku angati?"

"Atatu, bwana. Dzulo ayi."

"Ndiye mumadziwa dzulo?"

"Kuyambira Lachitatu, bwana."

Anakatseka paipi. "Dikirani pabenchi."

Ndili pabenchipo. Mkati akukangana, mawu sindikuwamva bwino. Koma a Dokotala ndiwo akukweza mawu.

Chitseko chatseguka. A Talandira, osamwetulira: "Bambo Abrahamu, kasambeni m'manja mulowe. Nambala 7 sakufuna kudya kwa ine."