Dzanja la Mathilda

Loweruka, 5 Okutobala

Maliro a Edwin ku Brampton, kuno kutsidya la nyanja. Azibambo m'galaja, ife azimayi pansi pabalaza, mipando atatulutsa yonse ngati kwathu. Ndinakhala pafupi ndi mkazi wake Mathilda, mnzanga wa kusekondale ku Zomba. Nyimbo ili pakati anadzuka, manja kumutu, kenaka dzanja limodzi analitambasulira kukhomo, n'kugwa pang'onopang'ono ngati chitenje chikutsetsereka pachingwe. Nyumba yonse inabuma. Inenso ndinalira, inde, koma maso anga ankagwira ntchito. Ndinaona mmene bondo linayambira kupinda, mmene mutu unatsalira m'mbuyo. Mulungu andikhululukire.

Lolemba, 7 Okutobala

Kusitudiyo ku Markham. Gule watsopano wa gulu lathu lovina baleti, mavinidwe achizungu aja, wandizunza chaka chonse, mathero ake osapezeka, ndipo wotsogolera gulu ndi wopeka magule ndine ndemwe, palibe woti ndimukankhire. Lero ndinangoimirira n'kumuonetsa Lindiwe, wovina wathu wamkulu: manja kumutu, dzanja kukhomo, kugwa. Mtsikana uja anangoti kukamwa yasa. "Aunty, where did that come from?" Ndati ndinalota. Bodza lake kutuluka mosavuta chonchi!

Lachinayi, 10 Okutobala

Thupi la Edwin lanyamuka lero kupita ku Ntcheu. Anthu anakaperekeza ku eyapoti, ine ndinali pa rihesalo. A Ryan a m'bodi yoyang'anira gulu lathu anabwera kudzaonera, akuti chiyambire kundipatsa udindowu sindinapekepo chinthu chokongola chotere. Ndinakondwa. Chimene chikundiwawa n'chimenecho, ndinakondwadi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mathilda wabwerako kumudzi. Waimba, sindinayankhe.

Lamulungu, 17 Novembala

Wandigwira kutchalitchi, pothawira panalibe. Wawonda, duku lakuda kumutu. "Iwe Ulemu, wasowa bwanji? Nyumba ija yandikulira. Ndibwere Lachinayi ndidzaone ana ako ovina aja akudumphadumpha, mwina mutu ungapepuke." Ndisanapeze chonamizira anandigwira dzanja. Akuti tsiku la maliro anthu ankayang'ana pansi, ena pafoni, koma ine ndekha sindinamuchotse maso, ndipo zimenezo sadzaziiwala.

Ndinakakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Ndine wakuba, basi. Wakuba wovala chitenje chapamaliro.

Lachiwiri, 19 Novembala

Ndinayesa kuchotsa kugwa kuja m'gule. Ndinaika mathero ena, Lindiwe azungulire n'kutuluka. Zozizira ngati tiyi wa dzulo. Iye mpaka anayesa Chinyanja cha makolo ake a ku Chipata: "Aunty, iyi siili bwino. Put it back." Ndinabwezeretsa. Ndikanatha kumuimbira M kuti asabwere, kapena kumuuza zoona. Foni ndinaigwira ndithu. Koma ndisadzinamize, gule uja ndikumufuna kuposa mmene ndikuchitira manyazi.

Lachinayi, 21 Novembala

Anabwera pa basi, atanyamula mandasi a ovina. Ndinamukhazika pampando pafupi ndi galasi lalikulu la m'situdiyo. Poyamba ankaseka, akuti ana awa alibe mafupa. Titafika kumathero kuseka kunatha. Ine maso pansi.

Lindiwe atagwa, Mathilda anavula nsapato n'kulowa pabwalo. Anagwada, n'kutenga dzanja la mtsikanayo lomwe linali lotambasuka bwinobwino monga ndinamuphunzitsira. Anapinda zala zake chimodzichimodzi.

"Silinali lotsegula, mwana wanga. Munali makiyi a galimoto ya mwamuna wanga."

Lindiwe anandiyang'ana. Anamva, Chinyanja chake chinakwanira pamenepo.

Kenaka Mathilda anatembenukira kwa ine, osakweza mawu. "Ndiye unkandiyang'anira zimenezi? Ine ndimayesa ukulira nane."

Ndinati ndinkalira. Anati akudziwa, n'chifukwa chake sakunditukwana. Ndinati ndichotsa lero lomwe, a bodi anene zonena zawo. Anapukusa mutu uku akuvala nsapato.

"Usachotse. Watenga kale. Koma tsiku loonetsa usandiitane."

Ndinati ndikamutule pa galimoto, ku Brampton n'kutali ndipo kwazizira. Anati akwera basi. Ndinaima pawindo mpaka inabwera. Mandasi aja adakali patebulo, palibe wawakhudza.