Makina a amuna anga ali zii

Aphungu,

Amuna anga ndi telala. Zaka zitatu zapitazo madokotala anawapeza ndi matenda a MS, aja amene asilikali a m'thupi amatembenukira mitsempha ya mwini wake. Zinayamba ndi dzanzi kuphazi. Lero mwendo wakumanja sungathenso kupalasa makina.

Kale ndinkadandaula phokoso, wailesi osamveka. Pano m'nyumba muli zii, koma ndimangopezeka ndatchera khutu. Ndasowa tiulusi tomatirira pamalaya awo. Ndasowa kuyenda nawo kumsika, iwo patsogolo, ine m'mbuyo ndikuwachonderera kuti achepetse liwiro.

Mwana wathu anandionetsa pafoni kuti akatswiri akuyesa kuphunzitsa asilikali a m'thupi kusaka kachilombo kamene akukakayikira kuti ndi kamene kamayambitsa matendawa. Nditawauza amuna anga, anaseka: "Mayi a ana, mukufuna andiike zigamba ngati thalauza lakale?" Kenako anazolika nati, "Ndatopa n'kuyembekezera. Ndisiyeni ndizolowere."

Ine mtima ukukana kuzolowera. Kodi ndiwakakamize kuti tikayese zimenezi?

Mkazi wa telala

Mayi,

Musawakakamize. Thupi ndi lawo, ndipo munthu amene wagwiritsidwapo mwala kangapo amaopa kutambasulanso dzanja.

Zimene mwana wanu anaona n'zoona kuti zikufufuzidwa, koma akatswiriwo akadali poyesa. Sanatsimikize kuti zimachiritsa, ndipo palibe angakulonjezeni kuti mwendo womwe unafooka kale udzabwerera mwakale. Lembani mafunso anu papepala, mukafunse dokotala wa mitsempha amene amawaona: kodi kafukufukuyu wafika pati, nanga munthu ngati iwo angalowemo? Muwapemphe bambowo mupitire limodzi, akamve okha. Akakana, pitani nokha. Mankhwala amene akumwa asasiye.

Pakali pano, mwendo ndiwo watopa, manja ali bwino. Funsani okonza makina ngati angawaikire mota kapena chopukusira pamanja. Kumsikako pitani nawobe, ndi ndodo, mukupumira m'njira.

Ndipo muwauze zimene mwandiuzazi. Mwina akamva za mankhwala tsiku ndi tsiku amaganiza kuti mwatopa nawo, sadziwa kuti mwawasowa.

Chenjerani ndi aliyense wokuuzani pafoni kuti mankhwala ochiza matendawa ali nawo kale m'botolo. Anthu otere amanunkhiza chikondi chonga chanuchi ali patali.

Aphungu