Amalume Alawa Madzi a M'boti

Okondedwa achimwene Yusufu,

Landirani moni wochokera kuno kwa Mponda. Tonse tili bwino, mayi chifuwa chija chapola. Kaya inu ku Joniko?

Boti la thanga munatituma lija takaliona! Thanga n'long'ambika, koma mlongoti uli nji. M'kati tinapezamo madzi, ine n'kuganiza kuti likuchucha. Amalume Saidi, paja anagwirako ntchito panyanja ya ku Beira, anaviika chala n'kulawa. "Mulibe mchere, silikuchucha!" Tinafa nako kuseka. Nyanja yathuyi mchere iutenga kuti? Tinakapa madziwo, m'mawa mwake tinalipeza louma gwa. Inali mvula chabe!

Mtengo wake ngoyenera, yankhani msanga ena asanalitenge. Allah akusungeni. Amalume akuti mudziwe kuti lilime lawo silinama.

Mlongo wanu,
Asiyatu