Munandiuza kuti bambo apeza bwino

Okondedwa achimwene,

Uthenga unandipeza Lachinayi masana ndili pa desiki yanga, tiyi atazizira pambali pa kompyuta. Sunachokere kwa inu. Analemba ndi aphunzitsi aja oyandikana nafe nyumba, kundipepesa kuti sindinathe kufika pamaliro a bambo, nati zonse zinayenda bwino. Ndinawerenga mobwerezabwereza, kenako ndinakakhala pa masitepe akuseri kumene amaimirira osuta fodya. Moni ndipereke ngakhale mochedwa. Muli bwanji kumeneko? Amayi akudya? Mwendo wawo uja ukuwalola kuyenda? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Lamlungu lija ndinakuimbirani, munandiuza kuti bambo apeza bwino, angogona pang'ono. Anali atagona kale kumanda. Alamu anga anacheza nane za mvula mpaka kuseka. Nditakufunsani dzana, munati bambo eniake ndiwo analamula ali kuchipatala kuti musandisokoneze, poti makina athu a kuntchito anali atangoyatsidwa ndipo ntchito inali pa ine. Mwina anaterodi, ndi khalidwe lawo. Koma pamene ankakana jakisoni munawagwira manja. Bwanji pa ichi chokha munawamvera?

Popeza mwaiyesa ntchito yanga yaikulu kuposa bambo, ndikuuzeni chimene ili. Makinawa amathamangitsa tinthu ting'onoting'ono m'mizere iwiri yoyang'anizana, n'kutigundanitsa pakati. Palibe diso limene limaona pogundanapo. Timangoona tinjira ta zidutswa zouluka, ndipo pulogalamu ya pakompyuta imene ndimayang'anira imalondola tinjirato chobwerera mpaka pamene tachokera, n'kunena kuti malowo ali pati ndipo ndi aakulu bwanji. Ndi opyapyala kuposa tsitsi. Bambo ankanditcha woyeza malo, ankauza anzawo kuti mwana wawo anaphunzira zaka zonsezi kuti aziyeza puloti yosakwana ndi phazi la nkhuku lomwe. Ndi zimenezo basi. Tilipo angapo odziwa ntchitoyi. Mnzanga wa desiki yoyandikana akanandigwirizira tsiku lomwelo, ine n'kukwera ndege.

Sabata ya maliro yomweyo malo ogundaniranawo anasuntha pang'ono, monga amachitira makina akangokonzedwa. Pulogalamu inayamba kuchenjeza, ndiye mnzathu wina anaikamo manambala akale kuti ikhale chete. Pamwamba zonse zinkaoneka bwino, koma chilichonse chimene anthu anawerengera kuchokera pa manambala amenewo chinali chabodza. Ndinamukalipira pamaso pa anthu, ine amene mumati sindidziwa kukweza mawu. Anayankha kuti sankafuna kundivutitsa. Mawu omwewo ndawamvanso kwa inu. Zake takonza, chifukwa zimene makina ajambula zimasungidwa ndipo timatha kuwerengeranso. Nanga zanu ndikonza bwanji? Sindinawaone nkhope, sindinaponye dothi, sindinakhale pambali pa amayi.

Abwana andipatsa tchuthi, ati ndifulumire ndikapeze maliro. Ndinachita manyazi kuwauza kuti abale anga anaika kale osandiuza, ndinangothokoza. Kuno kumene ndimakhala ndatsegula mabuku amene ndimathawirako mtima ukavuta, koma onse akunena za anthu amene anaitanidwa nthawi yake. Ndikulira ndekha m'chipinda, chapansipansi, kuopa kusokoneza eninyumba.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikaimba Lamlungu, foni muziwapatsa amayi m'manja, inu ndi alamu n'kutuluka panja. Ndikufuna ndizimva kupuma kwawo ndekha, osati kuuzidwa. Akadwala, ngakhale chimfine chokha, ndimve tsiku lomwelo, kaya makina ayaka kaya azima. Zosankha chimene ndingathe kupirira mundisiyire ine.

Ndifika kumapeto kwa mwezi. Musavutike ndi zophika, mudzayambe mwanditengera kumanda.

Moni kwa amayi, kwa azakhali amene ndamva kuti akugona nawo chiikireni maliro, kwa alamu anga ndi kwa ana onse. Aphunzitsi aja musawakalipire, ndi okhawo amene anandiuza zoona, ngakhale mosadziwa. Chibale ndi fupa, ndinu achimwene angabe, koma mukadzati kunyumba kuli bwino sindidzakukhulupiriraninso. Kholo limene latitsalira ndi limodzi.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.