Nkhokwe ya M'tabuleti Ili ndi Kiyi Mmodzi

Mildura,
14 Juni

Okondedwa achemwali a Lesieli,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa onse kwathu ku chilumba cha 'Eua. Kodi bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kukuzizira kwambiri. M'mawa udzu umachita kuyera ndi chisanu. Musadandaule, ndinagula jekete lochindikala, ndipo Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi timadya zilazi ndi nyama ya nkhosa.

Nkhani ndi yakuti anandisintha ntchito. Sindikuthyolanso malalanje tsiku lonse. Mayi Narelle, amene amayang'anira munda, anandipatsa tabuleti kuti ndizilemba mizere ya mitengo imene yapoperedwa mankhwala, ndi tsiku lake. Mzere ukapoperedwa pamayenera kupita masiku angapo tisanathyole, apo ayi zipatsozo saloleza kugulitsa. Nditamva zimenezi sindinadye bwino masiku awiri. Mukudziwa kuti sukulu ine ndinalekezera kalasi yachinayi.

Timalemba pa tsamba longa la pa intaneti, koma kumunda kulibe netiweki. Ndinafunsa kuti nanga zolembazo zimapita kuti, poti safunsa anadya phula. Mayiwo, amene pulogalamuyo anapanga okha, anati mkati mwa tsambalo muli kankhokwe, ndipo kuseri kwake kuli wantchito wosaoneka amene amalandira zimene ndalemba n'kukaziika m'nkhokwemo. Akuti anachita dala kuti tsamba lisamaime kudikira, ine ndizingopitiriza. Tikafika ku shedi kumene kuli netiweki, wantchitoyo amatumiza zonse ku ofesi. Saia, mnzanga wa ku chilumba cha Vava'u uja, anaseka nati ndiye kuti muli mzukwa, ndiziusiyirako kava, chakumwa chathu chija.

Tsono wantchito amene sumuona ungamukhulupirire bwanji? Lachinayi lapitali ndinalemba mizere makumi atatu ndi umodzi, koma mtima unakana kukhazikika. Ndinati nditsegule tsamba lomwelo kachiwiri pambali, ndione ngati zalowadi. Lachiwirilo linatuluka lopanda kanthu, pamwamba pali mawu ofiira. Achemwali inu! Ndinaganiza kuti ndafufuta zonse, palibenso amene adziwe mzere woyenera kuthyola, malalanje a eni awolera m'mitengo, ndipo chaka chamawa sadzandiitananso. Ndinadziona kale ndikutsika ndege chikwama kumanja, anthu akulozerana.

Saia anati tabuletiyo ndiiponye m'ngalande, tikanene kuti yabedwa ndi kangaru, nyama yodumphadumpha ya kuno. Ndinakana. Ndinayenda wapansi mpaka ku shedi, m'thumba muli kakope kamene ndakhala ndikulembamo mzere uliwonse mobisa ndi pensulo.

Mayi Narelle anayang'ana, natseka tsamba lachiwiri lija ndi chala chimodzi, nabwerera ku loyamba. Zonse zinali momwemo. Anati nkhokweyo ili ndi kiyi mmodzi, wantchito wa tsamba loyamba anali atatenga kale, ndiye wa lachiwiri anangoima pakhomo manja lende. Kenaka anaona kakope kanga. Tinafananiza mzere ndi mzere, sipanasowe ngakhale umodzi. Anaseka mpaka misozi, nati kani m'munda muno antchito obisika alimo awiri, wina wa m'tabuleti, wina wa ku 'Eua.

Koma anati cholakwa n'chawo, chifukwa sanaganizepo kuti pali munthu amene angatsegule kawiri. Anakonza kuti wantchito wachiwiri azipempha kwa woyamba m'malo moonetsa tsamba loyera. Tsopano chilichonse chatsopano amayamba apatsa ine, akuti chikapirira nkhawa za Maikolo ndiye kuti chipirira aliyense. Dzina langa alilemba kale pa anthu obwera chaka chamawa. Panopa ndikudya bwino. Kakope kokha sindinasiye.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti mukufuna Kalolaine asiye kalasi ya kompyuta ya Loweruka kuti azithandiza kuluka mikeka. Ndikudziwa kuti inu ndinu azakhali ake, mawu anu pa mwana wanga ndi omaliza, ndipo sindikutsutsa ayi. Ndikungopempha kuti mikekayo aziluka masiku enawa. Nditaona mayi aja akukonza ndi chala chimodzi chinthu chimene chinatsala pang'ono kundipha ndi mantha, ndinakumbukira mwanayo. Amafunsafunsa ngati ine, koma iye yankho saliopa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa amalume a Sitiveni, ndi kwa mayi ake a Kalolaine. Muwauze kuti chitseko cha khola la nkhumba azionanso kachiwiri akatseka.

Kalatayi ndailemba kawiri. Ina ndapatsira Paula amene akubwera kumeneko sabata yamawa, ina ndaponya ku positi. Mukalandira zonse ziwiri musadabwe, ndipo musamuuze Saia, angandiseke.

Ine mlongo wanu wokukumbukirani masiku onse,
Maikolo