Firiji ya m'chipinda chapansi

Gulu: Banja la Haugen (Amayi, Shauna, Garrett)

LACHITATU

Shauna, 9:14
ndy tagwirizana eti mama, loweruka 10 koloko. tikangoona nyumba ya okalamba ija basi, palibe chosayina

Amayi, 9:31
Blender yanga anaiika pamwamba pa kabati ndani?

Shauna, 9:32
ndine. mwamva zomwe ndanenazi?

Amayi, 9:33
Ndamva. Ndaikoka ndi ndodo yanga yoyendera, yatsika.

Garrett, 9:40
kkkk mukufuna mupange chani mayi

Amayi, 9:46
Ayisikilimu wa cottage cheese. Ravi wa physio uja akuti miyendo yangayi ikufuna mapuloteni kuti minofu ibwerere. Zakumwa za m'mabotolo munandigulira zija zimamveka ngati choko m'kamwa.

Garrett, 9:47
cottage cheese yazibuluma ija?? mayi mwayamba kutiopseza tsopano kkk

Amayi, 9:52
Umaigaya mpaka isalale, n'kuthira uchi, chiponde pang'ono ndi tizipatso ta raspberry ta kuseri kwangaku. Iwe sulawa.

Shauna, 9:55
kumalo kuja amakuphikirani mama. simudzavutikanso chonchi

Shauna, 12:20
mama?

LACHINAYI

Amayi, 13:05
📷 chithunzi
Ayisikilimu woyamba walephereka. Wauma gwaa ngati njerwa, supuni yapindika.

Garrett, 13:07
sungani timangire garaja

Amayi, 13:10
Ndinalakwitsa kuusiya usiku wonse. Wachiwiriwu ndiziutakasa ola lililonse.

Shauna, 13:12
dikirani kaye. mukuumitsira kuti? firiji ya kukhitchini ndinaidzaza ndi supu

Shauna, 13:13
musandiuze kt mukutsika m'chipinda chapansi

Amayi, 13:25
Firiji yaikulu ili komweko. Sinasamuke.

Shauna, 13:27
🎤 mawu, 0:19
"mama, ndine amene ndinakupezani panja mu january, chiuno chitathyoka, milomo ili bii ndi kuzizira. garrett kunalibe. ndine. ndiye mukufuna ndidzakupezeninso kunsi kwa masitepe chifukwa cha ayisikilimu?"

Amayi, 13:41
Ndinaterereka pa ayezi panja, osati m'nyumba mwanga. Ndimatsika nditagwira chitsulo cha m'mbali mwa masitepe, mwendo wodwala patsogolo, monga anandiphunzitsira Ravi.

Shauna, 13:42
ola lililonse???

Amayi, 13:43
Masewero olimbitsa miyendo ndi omwewo.

LACHISANU

Garrett, 11:20
sisi wogulitsa manyumba uja akuti abwera mawa inu mukangonyamuka, adzangojambula ndi kuyeza. kiyi ali pansi pa mphika wa maluwa eti

Garrett, 11:20
🚫 uthengawu wafufutidwa

Amayi, 11:21
Ndawerenga kale.

Shauna, 11:21
iwe garrett

Garrett, 11:22
mayi sizili choncho. timangofuna tidziwe mtengo wake bs

📞 Shauna waimba, sanayankhe, 11:24
📞 Shauna waimba, sanayankhe, 11:31
📞 Garrett waimba, sanayankhe, 12:50

Amayi, 15:40
🎤 mawu, 0:34
"Tamverani nonse awiri. Chimene chinathyoka ndi chiuno. Mutuwu uli bwinobwino. Bambo anu anatuluka m'nyumba muno atanyamulidwa, inenso ndidzatuluka choncho, osati ndi sutikesi. Munthu wanuyo akangoponda pakhonde panga ndi kamera, ndimuitanira apolisi. Kiyi ndamuchotsa. Ndipo Garrett, ukafuna kubera mayi ako uziyamba waona kumene ukutumiza uthenga."

Garrett, 15:48
pepani mayi. ndamuuza asabwere

Shauna, 16:02
ndimaopa mama. foni ikangolira mtima umangoti phaa, ndimvekere basi zachitikanso

Amayi, 16:15
Ndikudziwa mwana wanga. Koma mantha ako si ogulitsira nyumba yanga.

Amayi, 17:30
📷 chithunzi
Wachitatu wakhala bwino. Wofewa, wopanda chibuluma n'chimodzi chomwe. Ndadya mbale yonse nditaimirira.

Garrett, 17:33
km ukuoneka bho ndithu

Shauna, 17:50
ndibwerabe mawa. anthu aja anatisungira nthawi

LOWERUKA

Shauna, 9:35
ndili panja. valani jekete kukuzizira

Shauna, 9:41
mama

📞 Shauna waimba, sanayankhe, 9:43

Shauna, 9:44
mukapanda kuyankha ndikuswa windo

Garrett, 9:44
chikuchitika ndi chani

Amayi, 9:46
Usaswe kanthu, chitseko n'chosakhoma. Ndili pansi kuno, manja onse anali m'firiji. Kumalo kwanuko sindikupita, lero kaya mawa. Zimitsa galimoto. Mbale ziwiri zili patebulo.

Shauna, 9:46
musakwere nokha. ndidikireni pomwepo plz

Amayi, 9:49
Ndakwera kale. Vula nsapato, ndakolopa.