Mfunda wa Thandiwe

Erdington, Birmingham

Okondedwa achimwene a Levison,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu anga? Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tili bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Nkhani ndi ya Thandiwe. Mwezi uno ndikumupititsa ku kampu ya ana oleredwa ndi makolo osawabereka, ku holo ya tchalitchi ku Aston, komwe amaphunzira chikhalidwe cha kwathu Loweruka lililonse. Iye amadziwa kuti anamubereka ndi mng'ono wanga malemu Chrissy, ndipo ine ndinamutenga ali ndi zaka ziwiri. Zimenezo sindinamubisirepo.

Sabata yatha anawaphunzitsa za mfunda, kuti munthu amatenga wa bambo womubereka. Potuluka anandifunsa, m'Chingerezi chake chija, kuti wake ndi uti. Ndinati Nabanda, poti bambo a kunyumba kuno ndi a Banda. Anakana, akuti akufuna wa bambo ake enieni.

Achimwene, ndinanama. Anzake anali pomwepo, ndiye pakamwa panga panangotuluka kuti Nankhoma. Sindikudziwa komwe ndinalitola dzinali.

Taonani tsono. Gogo wina wophunzitsa pakampupo, mayi Helen, ndi Nankhoma weniweni. Atamva anamukumbatira akulira, akuti wapeza mdzukulu ku Ulaya. Mwana amene ankakana Chichewa ngati mankhwala owawa, lero ndikamuitana sayankha mpaka nditati Nankhoma. Dzinalo walilemba pachitseko cha kuchipinda kwake. Mayi Helen akufunsa kale mudzi wa bambo ake a Thandiwe, kuti mwina ndi abale.

Loweruka likubwerali akutseka kampu, ndipo mwana aliyense adzaima pamaso pa makolo kutchula mfunda wake. Ndikuopa. Akadzadziwa yekha, adzakhulupiriranso chiyani cha ine?

Mnyamata uja amene anapatsa Chrissy mimba munamuthamangitsa ndinu, ine ndili kusukulu ya unamwino, ndipo munalamula kuti dzina lake lisamveke pakhomo. Ndakhala chete zaka khumi ndi chimodzi. Sindikufuna kukumba zakale. Ndikupempha liwu limodzi lokha: anali wa mfunda wanji? Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pafoni, chonde muyankhe lisanafike Lachisanu.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ine mlongo wanu,
Joanna

Thandiwe wandipeza ndikumaliza, akuti nayenso apereke moni kwa amalume. Ndaphimba zapamwambazi ndi dzanja. Zili m'munsizi walemba yekha:

Moni amalume. Ndine Nankhoma.